Nkhombe za ku Damu

"Ine ndidati za kumtsinje, inu mwanditengera za kudamu. Kodi makutu mudawasiya kusekondale komweko?"

"Nkhombe ndi nkhombe, Elube. Taona kukula kwakeku! Taona m'katimu, ngati utawaleza."

"Utawalezawo ndiwo upale mbiya?"

Elube adatola imodzi pa mulu umene Gregorio adakhuthula kuseri kwa nyumba, pamene mtsikanayu ndi amayi ake, a Nachisale, ankaumbira mbiya. Nkhombe, nkhono za m'madzi zija zokhala ndi zigoba ziwiri zotsekana ngati manja a munthu wowombera mwaulemu, ndiye mpeni wa woumba. Amapalira m'kati mwa mbiya, amasalazira kunja. Imene Elube adatolayo idali yaikulu ngati chikhatho. Adaikanikiza ndi chala chimodzi, ndipo idangoti phwa! ngati chigoba cha dzira.

"Mverani tsono, a Fomu Folo," adatero akupukuta chala pa chitenje. "Iyi ndi ya m'matope, ya madzi ogona. Imakula msanga koma ilibe msana. Ya kumtsinje imakhala mumchenga, m'madzi oyenda. Ndi yakuda, yaifupi, yokhuthala, yosakongola ngati chidendene cha mlimi, koma imodzi imagwira ntchito zaka zisanu. Palinso ya pamwala, yamabamphu, imene imamatirira pa mathithi, osachoka mpaka uitsire nyundo. Ndiye pali tija tating'ono ngati chikhadabo, tolembera mphini pakhosi pa mbiya. Zinayi zimenezo. Ine ndidakutumani iti?"

"M'buku la sayansi adalemba kuti zonsezi ndi banja limodzi."

"Inenso ndi amalume a Alexio ndife banja limodzi. Bwanji osakafunsira iwowo?"

Gregorio adaseka, koma chiseko chake chidali cha pamlomo pokha. Kuchokera m'khitchini mudamveka mawu a Nachisale, osakweza, olankhula ngati akuuza nkhuku.

"Mtsinje wa Lingadzi uli kutali kwa anthu ovala nsapato zopolisha. Usawavutitse, mwanawe. Mawa tipita tokha."

Mawuwo adamulowa mnyamatayo ngati munga wa kuphazi. Ndipo adali oona. Kuchokera m'mapiri a kwa Msakambewa kutsikira ku Lingadzi ndi kubwerako lidali tsiku lathunthu, pamene damu la pa esiteti ya fodya lidali kuseri kwa phiri chabe. Gregorio adaona kuti palibe chifukwa chopsera ndi dzuwa tsiku lonse pofuna chinthu chimene chidali pafupi.

Chidali chaka chachiwiri chilowereni zipani zambiri. Nsalu zamitundumitundu zinkauluzika pa zingwe, aliyense pakamwa padali poti zinthu zasintha, ndipo Gregorio ankakhulupirira mawuwo kuposa wina aliyense. Mayeso adali atalemba, kalata yomuitana kukaphunzitsa ana a pulayimale ankaidikira tsiku ndi tsiku. Koma chimene chinkamusowetsa mtendere sichidali kalatayo. Adali Elube. Ankati akamuona akukweza khoma la mbiya, milomo italumana, thukuta likutsetsereka kuseri kwa khutu, mtima wake unkathamanga ngati mbuzi yodula chingwe.

Mawu adali atapita kale kwa a Alexio, mwini mbumba, ndipo yankho lidabwera loti ankhoswe adikire. Ayambe amanga chiliza cha malemu bambo a Elube, mowa umwedwe, misozi iume, kenako nkhani za ukwati. Chilizacho chidali cha mu Okutobala. Malemuwo adali munthu wodana ndi mowa wa m'migolo, ankati umanunkha dzimbiri. Motero a Nachisale adalamula kuti mowa wa chiliza upsere mu mbiya zatsopano zitatu, ndipo koyamba chibadwire adati aumbe ndi Elube yekha, iwo osaikapo dzanja.

M'mawa mwake mayi ndi mwana adalawirira kutsikira kumtsinje. Dzuwa litakwera pang'ono Gregorio adabwera kudzatenga thumba lake la nkhombe kuti akataye. Pakhomo padali zii. Pansi pa mtengo wa mango padali mulu wa dothi la mbiya zija, losinja kale, lonyowetsa, lofunditsa masamba a nthochi.

Adakhala pa mtondo wogubuduzika, natenga chigoba chimodzi, nachitembenuzira kudzuwa. M'kati mwake mudavina mitundu: yofiirira, yobiriwira, ina yonga khosi la njiwa. Pomwepo loto lidamugwera. Adaona tsiku la chiliza, anthu ochokera ku Mvera ndi ku Nachisaka atazungulira mbiya zitatu zonyezimira ngati thambo la nyenyezi. Adamva akufunsa kuti waumba ndani. Adaona Elube akuwerama ndi manyazi okoma. Kenako adadziona yekha akuimirira, akuulula chinsinsi, ndipo a Nachisale akumuyang'ana, kwa nthawi yoyamba, ngati munthu.

Ankadziwa kuti dothi la mbiya mwamuna sakhudza. Koma zimenezo, adadziuza, ndi za nthawi ya chipani chimodzi. Kufunsa Elube sadafune, chifukwa mphatso yofunsa ndi mphatso yanji? Adaika zigoba pa mwala wa mphero, naziphwanya, nazipera mpaka zidasanduka timiyala tonga mchere wa m'sitolo. Adavundukula masamba, nathira, nakanya ndi zibakera mpaka thukuta lidamulowa m'maso. Atatha adabwezera masamba monga adalili, nasesa mapazi ake ndi nthambi. Theka la thumba limene lidatsala adalisiya pansi pa nkhokwe.

Tsiku loumba adabwera kudzaonerera, ataima patali monga mwa ulemu. Elube adali ndi nkhombe yake yatsopano ya kumtsinje, yakuda, atainola pamwala. Adapala kamodzi, kawiri, kenako adaima.

"Amayi, dothili likukanda."

Mtima wa Gregorio udati phaa.

"Ndi mapale amene udasinjiramo aja," adayankha a Nachisale osatembenuka, akutongola chimanga. "Ndidakuuza kuti usefe bwino. Pitiriza, mbiya sidikira."

Mnyamatayo adapumira pansi. Koma kuyambira tsiku limenelo mtendere udamuchoka. Mbiya zidauma masabata awiri m'nyumba, zitafunditsidwa zisanza, ndipo iye ankapeza zifukwa zodutsira pakhomopo. Lero wabwera kudzabwereka nkhwangwa, mawa kudzabweza.

"Mwayamba liti kukonda mbiya chonchi?" adamufunsa Elube. "Kapena mwasintha maganizo, mukufuna mukwatire iyo yapakatiyo? Ili ndi chiuno kundiposa."

Adatsegula pakamwa kuti anene, koma adangofunsa ngati zauma bwino.

Zidaotchedwa Loweruka masana, mu mulu wa makungwa ndi udzu. Moto utazilala, a Nachisale adazitulutsa ndi mitengo iwiri, nagogoda iliyonse ndi chala. Zonse zitatu zidalira ngwee, ngati belu la ku mishoni. Mayiyo adazizungulira kawiri, nayang'ana mwana wake.

"Bambo ako akadaona," adatero. Elube adabisa nkhope m'chitenje.

Gregorio adasendera pafupi kufunafuna nyenyezi zake. Panalibe. Pa khungu lofiira la mbiya padangokhala timadontho toyera, tambirimbiri, ngati chikuku. Moto udali utadya utawaleza wonse. Adakhumudwa, komabe mumtima adati palibe kanthu, bola zatuluka zamoyo. Palibe adzadziwe, palibe chaonongeka.

Lachiwiri lake a Alexio adamuitana. Amalume ake a Elubewa adali munthu wamfupi wanthabwala, mmisiri womanga zigafa za fodya, ndipo chiliza adachimanga okha.

"Mphwanga, ndapeza chuma chako pansi pa nkhokwe," adatero akukoka thumba lija. "Usadandaule, sudavutike chabe. Tipangira njereza yopaka chiliza. Tenga nkhuni."

Adaunjika nkhombe pa moto waukulu kuseri kwa dzala la zinyalala. Zidathetheka, zidada, kenako zidayera mbuu. Zitazizira a Alexio adazikokolera m'chidebe chakale.

"Tsono taona matsenga a anthu osapita kusukulu."

Adathiramo madzi a m'chikho. Chidebe chidati fwaa! Nthunzi idakwera. Zigoba zija zidayamba kugwedezeka, kufufuma, kung'ambika zokha, mpaka zidasanduka phala loyera lodzaza kuposa poyamba. Gregorio adagwira chidebe, chidali chotentha ngati chili pamoto.

"Zimatero... zonse?" adafunsa.

"Ya m'damu, ya kumtsinje, ya pamwala, pamenepa pokha ndiye zimagwirizana. Nkhombe ikadya moto imakhala ndi ludzu. Ikangomwa madzi imatupa. Ukaitsekera m'botolo, botolo limaphulika. Bwanji, watuwa chonchi? Utsi?"

"Eya, utsi."

Pobwerera kwawo timadontho toyera tija tidali pamaso pake paliponse, pa njira, pa makoma, pa nthenga za nkhanga. Kalikonse mwa ito kadali kambewu ka njereza kodikira madzi. Ndipo Lachinayi mbiyazo zimayenera kulandira mowa.

Nthawi idalipo. Akadanena tsiku lomwelo, a Nachisale akadabwereka mbiya zakale kwa anansi, mowa ukadapulumuka. Lachitatu m'mawa adanyamukadi, mawu atawakonza. Adapeza Elube atagwada pambali pa mbiya yaikulu, akuipaka phala la gaga m'kati monga amachitira ndi mbiya yatsopano. Ankaimba pansipansi.

"Elube."

"Mwabwera kudzazonda mkazi wanu?" Adamwetulira, kenako nkhope idasintha. "Tabwerani muone. Apa pabenthuka kachibenthu. Dzulo panalibe. Ndi apanso. Mwina ndi nkhuku zajompha?"

Gregorio adayang'ana. Tidali timaenje tiwiri tonga zipsera za nthomba, pakati pa kalikonse pali kadontho koyera. Adayang'ananso nkhope ya Elube, maso aja odikira kuti munthu wophunzira awalimbitse mtima. Adaganiza za ankhoswe. Adaganiza za a Nachisale ndi nsapato zopolisha. Mbiyazo zidali zokhuthala ngati chala chachikulu. Mwina zipirira masiku atatu okha. Masiku atatu ndi chiyani?

"Ndi nkhuku," adatero.

Mowa udathiridwa Lachinayi. Mbiya zidaikidwa m'kanyumba kozizira, zitavundikiridwa malichero. Lachisanu Gregorio sadadye. Ankati akamva mwana wagwetsa mbale, ankadzidzimuka. Mlendo aliyense wofika ndi mtolo pamutu ankamuonjezera mwala pachifuwa. Katatu adadutsa pafupi ndi kanyumbako ngati akupita kwina, akutchera khutu. M'katimo mowa unkawira, ukunong'ona. Pakati pa kunong'onako ankamva kaphokoso kena, kakang'ono, kouma: the! Patapita kanthawi: the!

Loweruka lidacha bwino. Anthu adapita kumanda, nyimbo zidaimbidwa, nsalu idachotsedwa, chiliza chidaoneka choyera mbee ndi njereza ya a Alexio. Pobwerera khamu lidakhala pansi pa mitengo, amuna uku, akazi uko, ndipo amayi anayi amphamvu adalowa m'kanyumba kukatulutsa mbiya yoyamba. Adainyamula bwinobwino mpaka pakati pa bwalo. Pamene ankaitsitsa, thako lake lidangotsala m'manja mwa mmodzi. Mowa udakhuthuka wonse, nuyenderera m'fumbi mpaka kumapazi a akuluakulu.

Yachiwiri adaipeza itang'ambika kuyambira kukhosi mpaka pansi, theka la mowa litamwedwa ndi dothi. Yachitatu idali chiimire, koma khungu lake lonse lidali zilonda, ikuchucha ngati munthu wa malungo.

Kenako kunong'ona kudayamba kumbali ya akazi, kudayenda ngati moto wa m'udzu. Aliyense m'mapiri amenewo ankadziwa chimene chimaswa mbiya zotuluka pamoto zili zamoyo. Woumba amayenera kukhala wozizira, wosayandikana ndi mwamuna, kuyambira pokumba dothi mpaka pootcha. Mbiya imodzi ikhoza kusweka mwangozi. Koma zitatu?

A Nachisale adayenda pang'onopang'ono mpaka pamene Elube adaima, manja ali pakamwa.

"Ndiuze pano," adatero. "Mbiya sinama. Unkati ukupita kukatola nkhuni, unkapita kuti?"

"Amayi, ine ayi..."

"Pa chiliza cha bambo ako! Wandivula pamaso pa abale awo onsewa. Sukadadikira mwezi umodzi wokha?"

"Ndikulumbira, amayi, sindidachite kanthu!"

Maso a anthu ankachoka pa Elube kupita pa Gregorio, kubwereranso pa Elube. Mayi wina wa kuchimuna adalavula malovu pambali. Mtsikanayo adayang'ana uku ndi uku ngati mbalame yolowa m'nyumba, ndipo maso ake adakafika pa Gregorio. Sadali maso omuneneza. Adali maso opempha mboni.

Apo mpamene miyendo yake idamunyamula yokha. Adafika pakati pa bwalo, nagwada m'matope a mowa, buluku lake la tchalitchi likunyowa.

"Mayi, amalume, Elube alibe mlandu. Ndine. Koma si zimene mukuganizazo. Tsiku limene mudapita ku Lingadzi ndidapera nkhombe za kudamu zija. Ndidazikanyira m'dothi."

"Udatani?" adafunsa a Alexio.

"Ndimafuna kuti mbiya zinyezimire."

Wina kumbuyo adaseka, nadzigwira pakamwa. A Nachisale adawerama, natola phale limodzi, naliyang'anitsitsa m'mphepete mothyokamo. Adakanda kadontho koyera ndi chikhadabo, kadafumbutuka ngati ufa. Adakalawa ndi nsonga ya lilime, nalavula.

"Njereza," adatero. Adatembenukira kwa amayi aja, nakweza phalelo. "Bwerani muone nonse, inu a pakamwa msanga. Njereza iyi. Mwana wanga ndi wozizira." Adafuna kugwira phewa la Elube, koma mtsikanayo adasuntha pang'ono, dzanja lidagwira mphepo.

A Alexio adavula chipewa, nakanda m'mutu.

"Ndiye kuti njereza ina tapaka wakufa, ina tathirira amoyo. Koma mphwanga, pali chimodzi chikundivuta. Lachiwiri lija udali nane. Chidebe udachigwira ndi dzanja lako. Udafunsa, ndidakuyankha. Mowa udali usadalowe."

Gregorio adayang'ana pansi.

"Ndinkati mwina zipirira."

"Unkati mwina." A Alexio adavalanso chipewa. "Alongo, tumizani ana kwa a Debora, dzulo adafulula wogulitsa. Anthuwa asabwerere kukhosi kouma. Ndi wa mumgolo, koma alamu atikhululukira. Nkhani inayi mwini wake ndi Elube waima apayu. Ine sindimuyankhira."

Anthu adayamba kubalalika timagulutimagulu, ena akupukusa mitu, ena akubisa chiseko. Elube adatenga lichero, nayamba kutola mapale limodzilimodzi, akuwasanja bwinobwino ngati adzagwiranso ntchito. Gregorio adakwawira pafupi, natola limodzi kuti amuthandize.

"Lisiyeni."

Adalisiya.

"Elube, ndikakumba dothi lina. Ndipita ku Lingadzi wapansi, opanda nsapato, kawiri ngati ufuna. Ndidachita zonsezi chifukwa cha iwe. Ndimafuna anthu akuone."

"Andionadi." Sadakweze mawu. "Lachitatu ndidakuonetsani timaenje tija. Mudati nkhuku."

"Ndidaopa kukutaya."

"Ndiye mudasankha kuti nditayike ndine." Adaika phale lina m'lichero, nakhala kanthawi akuyang'ana mphini zimene adalemba yekha pakhosi pake. Pamene adadzutsa mutu, misozi idali itauma. "Ankhoswe anuwo auzeni asavutike ndi phirili. Inu chiyambire simudandifunsepo chimene ndikufuna. Mumangondilotera. Ine sindinkafuna mbiya zonyezimira, Gregorio. Bambo adamwalira ndisadaumbe ngakhale kamphika koti amweremo madzi. Ndinkangofuna kuti lero, kamodzi kokha, mowa wawo umwedwe kuchokera m'mbiya yanga."

Adasenza lichero, nalowa nalo kuseri kwa nyumba.

Gregorio adatsala chigwadire m'matope, ntchentche zikumuzungulira maondo. Mabuku adali atamuuza maina a zamoyo za m'madzi ndi mabanja ake, koma chimene nkhombe imachita ikadya moto chinkadziwika ndi aliyense pamudzipo, ndipo chimene mtima wa Elube unkafuna chidali pa mtunda wa funso limodzi. Akulu akale sadaname: safunsa adadya phula.